Kalata ikabwera, ulendo ndi wa kumudzi: moyo wa opuma ntchito ku Namitete, Nsaru ndi Kabudula

M'boma, wogwira ntchito akakwanitsa zaka 60 amalandira kalata. Imakhala yaifupi: kuthokoza, kutchula tsiku lomaliza, basi. Ngati munthuyo amakhala m'nyumba ya sukulu, ya chipatala kapena kulaini za apolisi, sachita kuuzidwa kuti makiyi abwezedwe. Kwa aphunzitsi, alangizi a zaulimi, anamwino, apolisi ndi makalaliki ambiri amene kwawo ndi kuzambwe kapena kumpoto kwa Lilongwe, chotsatira ndi lole yodzaza mipando, mabedi ndi matumba a ziwiya, kutsata msewu wa Mchinji kapena kukhotera njira za ku Nsaru, Kabudula ndi Nambuma.

Mtunda wake ndi waufupi. Minibasi yochoka m'tauni siitha maola awiri isanafike pa Namitete, ndipo Mpingu ndiye ali pakhomo penipeni pa mzinda. Chimene chimatalika ndi kuzolowera. Munthu amene kwa zaka 30 wakhala akudzukira belu, kulandira malipiro mwezi ukatha ndi kutchedwa abwana, amafika pamudzi pamene nthawi imayendera mvula, ndalama imaoneka kamodzi pachaka, ndipo ulemu umapita kwa amene ankapezeka pamaliro iye ali kutali.

Pokonzekera kupuma, ambiri maso amakhala pa galatuwiti, ndalama zolandira kamodzi zija. Koma m'midzi ya kwa Kalolo, kwa Kabudula ndi kwa Khongoni, chimene chimasiyanitsa wopuma amene zikumuyendera ndi amene wafooka msanga kawirikawiri ndi zinthu zimene anakonza akadali pantchito: munda, nyumba, ubale ndi chochita dzuwa likatuluka.

Fayilo ili ku Kapitolo

Penshoni m'Malawi imayenda njira ziwiri. Ogwira ntchito m'boma akale amalandira kuchokera kuthumba la boma: ndalama zochuluka kamodzi, kenako kangachepe mwezi ndi mwezi mpaka imfa. Amene anali ndi zaka 35 kapena kucheperapo mu 2017 anawasamutsira kuthumba losonkherana la Public Service Pension Trust Fund, momwe wantchito ndi boma onse amaponyamo. Kumakampani ndi m'mabungwe, lamulo la penshoni lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2011 linalamula kuti wolemba ntchito azisonkha 10 peresenti ya malipiro, wantchito 5 peresenti. Ndalamazo zimasungidwa ndi makampani monga Old Mutual ndi NICO, moyang'aniridwa ndi Reserve Bank of Malawi.

Lamulo latsopano la 2023 linamasulako zingwe. Wopuma tsopano atha kutenga theka la ndalama zake kamodzi, pamene kale zinkalekezera pa 40 peresenti, ndipo amene ntchito yamuthera amadikira miyezi itatu m'malo mwa isanu ndi umodzi kuti atapeko. Anthu anaombera m'manja, ndipo m'pomveka: nyumba siimangika ndi tindalama ta pamwezi. Komabe chimene munthu watenga lero chachoka pa zimene adzadye ali ndi zaka 75.

Kwa opuma m'boma, mayeso oyamba ndi kudikira. Fayilo imachoka kuofesi ya kuboma, kupita kuunduna, kunthambi yoona za ogwira ntchito m'boma, kwa olondoloza ndalama, kenako kwa Accountant General. Pepala limodzi likasowa, kaya ndi kalata yolembedwera ntchito kapena yokwezedwera paudindo zaka 20 zapitazo, ulendo umaima pomwepo. Nyuzipepala zakhala zikulemba za opuma odikira miyezi yambiri, ena zaka, ndipo bungwe la opuma ntchito m'boma la PUSEPA lakhala likudandaula za kuchedwaku komanso kuchepa kwa ndalama za pamwezi. Wa ku Nsaru ali ndi mwayi poyerekeza ndi mnzake wa ku Chitipa kapena Nsanje, popeza atha kupita ku Kapitolo m'mawa n'kukagona kwawo. Koma ulendo uliwonse umadya ndalama imene ikanagula ndiwo, ndipo m'nyengo yodikirayi ndi mmene akatapila amafikira ndi nkhope yachifundo, podziwa kuti zikatuluka adzakolola kawiri.

Kudikira kuli ndi mtengo winanso. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Amene anawerengera malata, simenti ndi feteleza pamitengo ya chaka chimene ankasaina mafomu anapeza kuti ndalama zangokwana makoma.

Zikatuluka, mudzi umadziwa wosauzidwa. Pali fizi ya mwana wa mlongo, denga la agogo likudontha, mphwake ali ndi mlandu kubwalo la amfumu, chiliza cha malemu sichinamangidwe. Kwa Achewa izi si kupemphetsa ayi. Atsibweni ali ndi udindo weniweni pambumba yawo. Wokana zonse wadzitsekera khomo limene adzafune kulowera akadwala. Wovomera zonse safika nazo nyengo yokolola. Opuma amene amapulumuka pamenepa ndi omwe amakhala pansi ndi akunyumba kwawo ndalama zisanatuluke, kupatula gawo la abale n'kulitchula poyera, kenako zotsalazo kuziika pamene dzanja silifika msanga, kaya kubanki kapena ku masako monga Mphunzitsi SACCO ndi United Civil Servants SACCO.

Munda ndi wa yani?

Dera lino lili ndi mbiri ya malo yosiyana ndi madera ambiri m'dziko muno. Mu 1968, ndi ngongole ya World Bank, boma linayambitsa chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme m'zigwa za kuzambwe kwa Lilongwe. Kunabwera misewu ya m'midzi, mijigo, misika ya mbewu ndi migula yoteteza nthaka. Kunabweranso opima malo. Potsata malamulo a malo a 1967, minda yambiri inalembedwa m'kaundula m'dzina la banja lonse, ndondomeko imene anthu amaitcha ndunda, ndipo munthu mmodzi ankalembedwa ngati woimira abale ake.

Papita zaka zoposa 50. Ambiri mwa oimira mabanja aja anamwalira, mbumba zachulukana, koma malire ndi omwe aja. Kalembera wa 2008 anapeza anthu pafupifupi 1.2 miliyoni m'madera a kumudzi a boma la Lilongwe. Wa 2018 anapeza oposa 1.6 miliyoni. Wopuma amene anachoka pamudzi ali mnyamata, nasiya munda m'manja mwa mphwake, amabwerera n'kupeza mundawo waleretsa ana ndi adzukulu a munthu wina. Kuulanda ndi mlandu, ndipo kubwalo funso loyamba limakhala lakuti zaka zonsezi ankalima ndani. Amene ankatumiza feteleza chaka ndi chaka, kulipira aganyu ndi kubwera patchuthi kudzaona nkhokwe, funsoli silimuvuta.

Palinso funso limene nyumba za boma zinkabisa. Banja limene lakhala likusamuka kuchoka sukulu ina kupita ina, Dedza lero, Mzimba mawa, silinafunikirepo kusankha pakati pa kwa mwamuna ndi kwa mkazi. Kalata ikabwera, kusankha kumafika. Pachikamwini, bambo amamanga nyumba ya njerwa zootcha pamalo a akuchikazi, akudziwa kuti mayi akatsogola angathe kuuzidwa mwaulemu kuti kwawo akumufuna. Pachitengwa, nkhawa yomweyo imagwera mayi. N'chifukwa chake opuma ambiri amasankha njira yachitatu: kugula puloti pa Namitete, pa Msundwe, pa Nsaru kapena pa Mpingu, pafupi ndi abale koma osati pamalo a mbumba, n'kumapita kumunda panjinga.

Njira imeneyi nayo ikufuna mapepala. Lamulo la malo a makolo la 2016, lomwe linakonzedwanso mu 2022, limalola munthu kapena banja kulembetsa malo awo kudzera m'makomiti a malo, ndipo kalata ya amfumu yopanda mboni ndi malire omveka yalizapo anthu ambiri. Cha ku Njewa, Chitedze ndi Mpingu, anthu a m'tauni akugula malo mothamanga, mitengo ikukwera, ndipo puloti imodzi kugulitsidwa kwa anthu awiri si nkhani yachilendo. Cha ku Kasiya, kampani ya ku Australia ya Sovereign Metals inalengeza mu 2022 kuti mwala wa rutile umene inapeza kumeneko ndi wochuluka kuposa wina uliwonse wodziwika padziko lapansi. Kumalo otere, kudziwa kuti munda uli m'dzina la yani kwasanduka nkhani yachangu ngakhale kwa okalamba amene sanaganizepo zogulitsa.

"Ndikapuma ndikalima"

Awa ndi mawu amene amamveka m'masitafu rumu ndi m'maofesi m'dziko lonse. Kuno ali ndi maziko, chifukwa nthaka ya chigwa cha Lilongwe ndi imodzi mwa zachonde kwambiri m'Malawi. Koma ulimi umene unaphunzitsa ana ambiri a dera lino, wa fodya wa bale, ndi wolemetsa kwa munthu wa zaka 60. Umayambira kunazale dzuwa likuswa mtengo, kudzera kuwokera, kuthyola, kusoka, kuyanika m'zigafa, kusankha ndi kudinda mabelo, mpaka kukadikira mtengo ku Kanengo. Woyamba kumene, wodalira aganyu pa chilichonse, angathe kugulitsa bwino koma ngongole ya zipangizo ikadulidwa n'kutsala ndi zochepa.

Mtedza ndi soya ndi zimene zikukopa okalamba ambiri, ndipo gwero la nzeru zake lili pakhomo. Malo a kafukufuku wa zaulimi a Chitedze anatsegulidwa mu 1948, ndipo kuyambira 1982 bungwe la ICRISAT lakhala likugwira ntchito ya mtedza kumeneko. Mtedza wofiira wa CG7, umene unatulutsidwa mu 1990, unafalikira m'midzi yonse ya kuno. Mbewu zimenezi sizilira feteleza ngati chimanga, zimabwezera chonde m'nthaka, ndipo zimasungika. Adani ake ndi awiri: chuku, mtedza ukapanda kuuma bwino, ndi sikelo ya venda amene amafika pakhomo m'mwezi wa Meyi mlimi ali wouma m'thumba. Apa wopuma ali ndi mwayi umene mnansi wake alibe. Kandalama ka pamwezi, ngakhale kachepe, kamamulola kusunga matumba mpaka mitengo itakwera, ndipo akalowa m'kalabu ya NASFAM kapena m'kopaletivi angathe kukokera anzake kumsika wabwino.

Ziweto zili ndi malamulo awoawo. Nkhumba zimaswana msanga ndipo msika wake sutha, koma chigodola chikalowa m'khola chimasesa zonse, ndipo chilibe mankhwala. Nkhuku za m'mudzi zimatha ndi chitopa, pamene katemera wake ndi wotsika mtengo. Mbuzi zimapirira koma zimakopa akuba. Ng'ombe ziwiri ndi ngolo, m'dera limene katundu wambiri amayendabe pangolo, zimabweretsa ndalama nyengo yokolola ndi yomanga.

Kumene galatuwiti yambiri yamira ndi m'mabizinesi ofuna maso a mwini. Minibasi imaoneka yapamwamba tsiku loigula, koma mwini amene sanakhalepo pasiteji amangodalira zimene dalaivala ndi kondakitala amuuza madzulo, mpaka tsiku limene injini idzafe. Njinga yamoto ya kabaza ndi chimodzimodzi. Chigayo chimafuna magetsi osathimathima kapena dizilo wopezeka. Golosale ya pamudzi imatha ndi ngongole za abale, popeza agogo sangakanize mdzukulu sopo. Nyumba za lendi pamalo a malonda sizilemeretsa, koma aphunzitsi, azaumoyo ndi ophunzira a pa Namitete Technical College amafuna pogona chaka chonse, ndipo ndalama yake imabwera mwezi ndi mwezi monga ankachitira malipiro.

Chitsanzo chimene alangizi amakonda kutchula chili m'boma loyandikana la Dowa. Mu 1982, Glyvyns Chinkhuntha ndi mkazi wake anayamba kulima kachigawo kakang'ono ka dambo limene anthu ankaliyesa lopanda ntchito. Anakumba ngalande zoyendetsa madzi popanda injini, nadalira manyowa, ndipo munda wa Tikondwe Freedom Gardens unakula kufika mahekitala pafupifupi 20, n'kumalandira alendo ochokera m'maiko akunja odzaphunzira. Chimene anthu amaiwala pofotokoza nkhaniyi ndi zaka zimene zinapitapo. Dimba, mitengo ya zipatso ndi khola zimafuna nthawi yolakwitsa ndi kukonza, ndipo nthawi imeneyo imapezeka bwino munthu ali ndi zaka 45 ndi malipiro m'thumba kusiyana ndi pamene wafika 61 akudikira fayilo.

Mpando pakati pa anthu

Njala ya wopuma si ya m'mimba yokha. Mwezi woyamba umakoma: kugona mpaka dzuwa litakwera, kumvera wailesi, kulandira odzalonjera. Ukafika wachitatu, foni yasiya kulira, palibe wodzapempha siginecha, ndipo tsiku limatalika.

Amayi kawirikawiri amadutsa pamenepa mosavuta. Namwino kapena mphunzitsi wamkazi akafika pamudzi amapeza magulu akumudikira: Chigwirizano cha amayi a CCAP mu Sinodi ya Nkhoma, miphakati ya Akatolika m'maparishi monga Namitete ndi Nambuma, banki mkhonde, kusiwa ndi kophika pamaliro. Abambo ambiri ubwenzi wawo unali wa kuntchito, ndipo ntchito ikatha umatha nawo. Chotsala ndi bawo pansi pa mtengo, zomwe n'zabwino, kapena kachasu wa m'mawa, amene wafupikitsa moyo wa anthu ambiri ophunzira bwino. Kunyumbanso kumafunika kuzolowerana kwatsopano. Mayi amene wayendetsa khomo yekha masana onse kwa zaka 30 sayembekezera kuti bambo ayambe kuwerenga makapu a ufa ngati akuchita sitoko.

Komatu luso la opuma dziko lino lalifunapo mobwerezabwereza. Mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ophunzira anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, boma linaitananso aphunzitsi opuma. Pakati pa 2004 ndi 2010, zipatala zitasowa antchito, anamwino ndi azachipatala opuma anabwereranso m'mawodi. Pamudzi kufunikako n'kwa tsiku ndi tsiku. Komiti ya chitukuko ya VDC kapena ADC imafuna wodziwa kulemba malipoti. Komiti ya sukulu imafuna wodziwa kuwerenga mabuku a ndalama. Mpingo umafuna mlembi ndi msungichuma. Kalabu ya alimi imafuna woti awerenge pangano la kampani ya fodya asanadinde chala. Sukulu za kwacha ndi za mmera mpoyamba zimayenda ndi anthu ongodzipereka. Mabanja amafuna ankhoswe odekha, ndipo ufumu ukasowa mwini, mbumba zina zimaloza kwa mwana wawo amene anaona dziko.

Polowera pake ndi pamene pamafunika nzeru. Bwalo la amfumu lili ndi ndondomeko yake, ndipo wofika ndi mawu a kuofesi, kudula anthu pakamwa ndi kuyerekeza chilichonse ndi mmene ankachitira kutauni, amapatsidwa mpando wakutsogolo koma nkhani zenizeni zimakambidwa iye atachoka. Dera lino ndi la Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ngati chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, ndipo mkulu wampingo wobwerera kumudzi amayenera kudziwa kukhala ndi abale ake a kudambwe popanda kunyozana, chifukwa pamaliro onse amakumana. Opuma amene mudzi umawalandira ndi mtima wonse ndi omwe chaka choyamba amamvetsera kwambiri, kusonkha ufa ndi nkhuni pazovuta, ndi kuyamba ndi ntchito zazing'ono. Pakapita nthawi anthu okha amayamba kubwera ndi milandu yawo, pozindikira kuti akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto.

Thupi limafuna bajeti yake

Amene anali pa sikimu ya zachipatala monga MASM kudzera kuntchito amazindikira mochedwa kuti ntchito ikatha, olipira ndi iwo eni. Izi zimachitika pa msinkhu umene matenda osapatsirana amayamba kuonekera. Kafukufuku wa unduna wa zaumoyo ndi bungwe la WHO wa 2009 anapeza kuti munthu wamkulu mmodzi mwa atatu alionse m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo ambiri sankadziwa. BP ndi shuga siziwawa poyamba. Zimadziwika munthu atafa ziwalo kapena maso atayamba kuchita khungu. Kuyezetsa n'kwaulere m'zipatala za boma.

Kumbali ya zipatala, dera lino silili pambuyo kwenikweni. Chipatala cha St Gabriel ku Namitete, chimene masisitere a Chikarmeli ochokera ku Luxembourg anakhazikitsa mu 1959, chimalandira odwala ochokera ku Lilongwe ndi Mchinji, ndipo chimadziwika ndi ntchito yosamalira odwala matenda a mgonagona m'makomo mwawo kudzera mwa anthu ongodzipereka a m'midzi. Pokhala cha mpingo, pamafunika kulipira. Chipatala cha boma cha Kabudula ndi zipatala zazing'ono monga cha Chitedze ndi cha mishoni ku Nambuma zimathandiza pafupi, ndipo zikakula amatumiza ku Kamuzu Central. Ng'ala, imene imakhazika pansi agogo ambiri amene akanatha kulima, imachotsedwa ndi opaleshoni yaifupi kuchipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central kapena ku Nkhoma.

Chovuta ndi mayendedwe. Mankhwala a BP ndi shuga ndi a moyo wonse, kuchipatala cha boma nthawi zina amatha, ndipo m'dzinja njira zafumbi zimasanduka matope. Pomanga nyumba yopumiramo, mtunda wokafika pamsewu ndi pachipatala uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi njerwa. Zinazo n'zodziwika: kuchepetsa mchere ndi shuga, kudya masamba a kudimba, kuyenda pansi ndi kugwirako khasu mwa mlingo.

Amene kalata siiwafika

Opuma ndi penshoni ndi kagulu kochepa. Mwa anthu 100 alionse m'Malawi, pafupifupi asanu ndi a zaka 60 kapena kuposera, ndipo ochuluka mwa iwo ndi alimi amene sanalembedwepo ntchito. Iwo sapuma, amangochepetsa mizere chaka ndi chaka mpaka msana utakana.

Ena anagwirapo ntchito yolemetsa koma anabwera chimanjamanja. Amuna ambiri a m'chigawo chapakati anapita kumigodi ya ku Joni kudzera ku Wenela. Ulendowo unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, unayambiranso pansi pa TEBA, n'kutheratu mu 1988. Mpaka lero magulu a anthu akale a kumigodi akulondolabe ndalama zawo, ndipo thumba la Tshiamiso Trust, lomwe linakhazikitsidwa ku South Africa kuti lipepese odwala matenda a m'mapapo obwera ndi fumbi la m'migodi ya golide, limafuna mapepala amene ambiri anataya kalekale. Ngakhale luso lotchuka silibweretsa penshoni. Giddes Chalamanda wa ku Chiradzulu, wobadwa mu 1930, anaimba moyo wake wonse, ndipo dziko linamukumbukira mwamphamvu ali ndi zaka 90, atajambula nyimbo ndi Patience Namadingo mu 2020 ndipo mawu ake atafalikira pa TikTok.

Mbadwo wa okalamba a lerowu ndi umene unalera ana amasiye m'zaka zimene Edzi inkapulula anthu, mankhwala a ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere mu 2004. Lero anthu akukhala ndi moyo nthawi yaitali: zaka zimene Mmalawi amayembekezeka kukhala ndi moyo zinali zosafika 50 kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, pano zapitirira 60. Thandizo la boma limene limafikako ndi Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006 n'kufalikira m'maboma onse. Amasankha mabanja osaukitsitsa opanda wogwira ntchito, ndipo ambiri mwa mabanjawo mitu yake ndi agogo, koma otsala kunja ndi ochuluka.

Choopsa kuposa umphawi ndi kunamiziridwa ufiti. Bungwe la MANEPO, lomwe limagwirizanitsa mabungwe a anthu okalamba, limalengeza chaka ndi chaka za agogo omenyedwa, othamangitsidwa ndi ophedwa m'maboma osiyanasiyana, ndipo kawirikawiri ochita izi ndi abale awo, nkhani ya munda ili kuseri. Lamulo la 1911 limanena kuti kutchula munthu mfiti ndi mlandu. Boma linakhazikitsa ndondomeko ya anthu okalamba mu 2016, ndipo mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba. Koma lamulo silidziyendera lokha kukafika kumudzi. Apa ndi pamene wapolisi wopuma, namwino wopuma kapena ahedi opuma ali ndi ntchito imene wina sangaigwire. Amadziwa khomo la ofesi yothandiza ozunzidwa kupolisi, angathe kufotokoza pamaliro kuti mwana wamwalira ndi malungo, ndipo angauze achinyamata kuti agogo opezeka akuyenda usiku osadziwa kwawo akudwala matenda oiwalaiwala a ukalamba, ofunika kuwaperekeza kunyumba.

Otsatira pamzere

Pali mapepala awiri amene opuma ambiri amazengereza kulemba poopa kudziitanira imfa. Loyamba ndi fomu yotchula odzalandira penshoni mwini akamwalira, yomwe ena anadzaza ali mbeta kapena asanakwatirenso ndipo sanaisinthe. Lachiwiri ndi wilo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wotsala ndi ana, ndipo kulanda chuma cha masiye ndi mlandu, koma m'dera limene mwambo umapatsa mphamvu atsibweni ndi adzukulu a kuchikazi, pepala losainidwa pamaso pa mboni ziwiri limapulumutsa banja ku milandu ya zaka.

Amene anali ndi zaka 35 pamene boma linkasintha ndondomeko ya penshoni mu 2017 adzakwanitsa zaka 60 mu 2042. Penshoni yawo idzadalira zimene zinasonkhedwa m'dzina lawo ndi phindu limene thumba linapanga, choncho kufunsa sitetimenti chaka ndi chaka ndi kuona ngati olemba ntchito akutumizadi ndalama ndi udindo wawo kuyambira pano. Reserve Bank yakhala ikudandaula za olemba ntchito amene amadula malipiro koma osapereka. Ambiri mwa odzapuma mu 2042 aja lero akuphunzitsa m'masukulu a kwa Kalolo, kuyeza ana kusikelo ya ku Kabudula kapena kuyendera alimi cha ku Mpingu. Podzafika chaka chimenecho mzinda udzakhala utadya minda ina ya m'mbali mwa msewu wa Mchinji, ndipo malo a ndunda adzakhala atagawidwanso kwa mbadwo wina wa adzukulu.